Mapemphero a Gofu ya Tamanda

Lolemba
Sindikukhazikika. Tamanda, mwana wanga mmodzi yekhayo, ali kum'mawa kwa dziko lino, akuzungulira mipikisano ya gofu ya azimayi. Chitsekereni malire a kuno ku Perth chifukwa cha mliri, sindinamugwireko dzanja. Lero akuti akadulidwanso Lachisanu, chaka chathera pomwepo, abwera kunyumba. Kudulidwa ndiko kuti amene asewera moipa masiku awiri oyamba amauzidwa kuti azipita kwawo. Ine pafoni: limba mtima mwanawe. Ine mumtima: adulidwe!

Zokonza m'chipinda chomwe adzabindikiremo akafika:
nsalu zatsopano za pabedi
ketulo yakeyake
chiponde chosinja ndekha

Lachiwiri
Mayi Gondwe, otsogolera azimayi kutchalitchi kwathu ku Armadale, ayambitsa mapemphero pagulu lathu la pafoni. Akuti, "Ambuye, chulukitsani nambala ya mwanayu, isefukire." Pa gofu wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa. Ine ndikudziwa. Iwo sakudziwa. Ndayankha Amen wamphamvu kuposa onse.

Lachitatu
Bambo a Tamanda aimba kuchokera kumgodi. Alimva pempherolo, akufuna kuwawongolera amayiwo. Ndawauza kuti za azimayi azisiye, aziyang'ana miyala yawo. Mayi Gondwe awonjezera kusala kudya. Ndasala nawo, nanga n'kutani? Njala m'sitima, njala mu wodi ya chipatala chomwe ndimagwirako ntchito ku Nedlands, ndipo m'masiki ndikumva fungo la m'kamwa mwanga momwe.

Lachinayi
Mpikisano wayamba. Kumeneko kumacha msanga, ndiye ukundipeza ndili pantchito. Ndabisala mosungira mabulangete, foni m'manja. Mwanayu lero akusewera ngati wakhwimira! Akangoti khwa, mpira m'dzenje. Nambala yake yatsika mpaka pansi pa ziro. Ndadumpha ndi chimwemwe, kenaka ndakumbukira ketulo ija. Kodi ine ndikufuna chiyani kwenikweni? Mayi Gondwe aiona nambalayo, akuti ameneyu ndi Satana, mawa tonse tigwade.

Lachisanu
Kuli mphepo. Mpira m'madzi. Wina m'madzi. Wina mumchenga, ukukana kutuluka. Nambala ikungokwera, pagulu nthungululu zokhazokha. Mayi Gondwe akuti palibe mzungu amene wamufika mwana wathu lero. Wadulidwa. Ndayala bedi, ndakhalapo kudikira chimwemwe changa. Sichikubwera. Ndamuimbira, sakuyankha. Ndasesa m'chipinda mosesa kale.

Loweruka
Waimba yekha. Ine Chichewa, iye Chingerezi chake cha m'mphuno, monga mwa masiku onse. Koma pakati pa nkhani Chingerezi chamuthera. "Amayi, ndimafuna mundione pa TV Lamulungu." Akulira ngati ali sitandade wani.

Ndiye sakubwera. Mnzake wina amene wapitirira alibe womunyamulira chikwama cha ndodo, Tamanda azimunyamulira mpaka mipikisano ithe. Akuti bambo ake anamuuza kuti tchalitchi chonse chinasala kudya chifukwa cha iye, ndiye angabwere bwanji wolephera, awayang'ana ndi maso ati azimayiwo? Ndangoti azidya mokwanira.

Lamulungu
Kutchalitchi Mayi Gondwe aima kupereka umboni wa nambala yaikulu ija. Mkulu wina wa ku Zambia, wodziwa gofu, wawakoka pambali n'kuwanong'oneza. Mayi Gondwe atembenuka, andiyang'ana pamwamba pa masiki. Ndatuluka tiyi asanagawidwe.

Kunyumba ndayatsa TV. Udzu wobiriwira, azimayi a eni ake, anthu akuomba m'manja mwaulemu ngati ali pamaliro. Ndakhala tsonga masana onse. Mwadzidzidzi uyo! Kumbuyo kwa mnzakeyo, chikwama chachikulu paphewa, kayendedwe ka bambo ake komwe kaja. Ndafuula dzina lake m'nyumba mopanda munthu. Kamera yatsata mpira.

Ndamuona, koma msana wokha. Wawonda mwana wanga.