Nsato Yopanda Nkhoswe

Lolemba, 4 Ogasiti 1986

Ndatsimikiza mtima. Sabata ino ndiwawerengera anthu a pakhomo pano buku langa. Mokweza!

Mabuku a mayi amene analemba bukuli ndili nawo atatu. Onse anandisiyira aphunzitsi anga a Sitandade 7 pamene ankasamuka. Mlembiyo sindinamuonepo, ngakhale pachithunzi. Amatenga nthano zomwe tonse timazidziwa n'kuzichitira chifundo. Mu nthano yakale, mtsikana wokana amuna amakwatiwa ndi nsato n'kumezedwa, kuti ena atengerepo phunziro. Kwa mlembi wangayu ayi. Mtsikanayo amakana amuna chifukwa onse ndi olongolola, ndipo nsato yokha ndiyo imamumvetsera. Kenaka zimadziwika kuti m'chikopamo muli mnyamata wolodzedwa.

Tsamba lomaliza ndaliwerenga kambirimbiri. Koma ndilibe womuuza. Ndikufuna munthu, ngakhale mmodzi, alimve mpaka kumapeto n'kulikonda ngati ine.

Dongosolo:
- mitu ilipo isanu ndi umodzi, mutu umodzi tsiku lililonse
- masana, pakhonde, posenda nandolo
- omvera: amayi, amayi aakulu, achemwali anga Esinati
- Loweruka tsamba lomaliza, onse alire

Ndayeseza kuseri kwa khola. Mbuzi sizinadandaule.

Masana. Mutu woyamba ndawerenga wonse! Amayi aakulu akuti, "Kani mwanayu mawu ali nawo?" Ndikukayika ngati nkhaniyo aimva. Amangondiyang'ana pakamwa. Komabe ndayamba.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Chiperoni kuyambira m'mawa. Tapanikizana pakhonde, lichero pakati.

Mutu wachiwiri ndi wokoma. Mtsikana waiwala nkhata kuchitsime, ndiye nsato ikudzipinda bwinobwino pamutu pake kuti mtsuko usamupweteke. Sinena kanthu. Imangothandiza. Mlembi ameneyu amadziwa kuti chikondi sichisowa phokoso.

Ndawerenga masamba awiri okha. Otsalawo adyedwa ndi mafunso:
- Nsatoyo ndi mwana wa yani?
- Mfunda wake?
- Nkhoswe yake ili kuti?
- Khasu iligwira ndi chiyani?

Ndayankha kuti buku silinena. Amayi: "Ndiye masamba onsewo analembamo chiyani?"

Achemwali akuti alamu anga analima munda wa amayi zaka ziwiri asanapatsidwe ndime yawoyawo, chikhalirecho iwo manja ali nawo onse awiri. "Nanga uyu wongokwawa adzatenga zaka zingati?"

Ndikufuna kunena kuti mlembi akukamba za mtima, osati za mizere. M'malo mwake ndangotseka buku.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Omvera achuluka. Amayi awiri a kutsidya kwa msewu abwera ndi nandolo zawo kudzamva "mlandu wa njoka ija." Kunja kukuzizira, ine thukuta kamukamu.

Ndafika pamene nsato imauza mtsikana kuti idzamudikira mvula zingati zimene iye angafune. Ndaima pang'ono kuti mawuwo alowe.

Amayi aakulu: "Idikire kumene. Ntchito ilibe."

Chiseko mpaka lichero lagubuduka. Tatola nandolo m'fumbi.

Kenaka mmodzi wa alendowo wafunsa kuti nkhaniyi ithera pati, poti iye mawa ali ndi ulendo wa kuchipatala. Ine kupusa, ndanena. Ndati chikopa chimatenthedwa, mnyamata amatuluka, ndipo awiriwo amapita kukakhala kwawo kwa mwamunayo, kuseri kwa phiri.

Onse andigwera ndi mafunso.

"Chitengwa? Osapempha n'komwe?"

"Nanga munda wa amake alima ndani?"

"Mwana wamkazi kusiya mudzi wa amake kulondola njoka!"

Amayi asiya kusenda, andiyang'ana nthawi yaitali.

Ndimayenera kukhala kumapeto kwa mutu wachitatu. Ndili kumapeto kwa wachiwiri, ndipo mathero ndaulula kale. Komabe kudziwa mathero si kumva tsamba lomaliza. Mmene analilembera! Mawa ndifulumira.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Zodabwitsa! Lero palibe wondidula mawu. Mutu wachitatu wonse, ndi theka la wachinayi. Ngakhale nkhuku zakhala chete.

Amayi akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Amayi aakulu akungogwedeza mutu, akuti, "Mmm. Mmm." Pamene mtsikana amabisira nsato chakudya kuseri kwa nkhokwe, onse atembenuka kuyang'ana nkhokwe yathu.

Ndinadziwa ine! Mlembi wanga wawagwira. Ndikanakhala ndi keyala yake ndikanamulembera lero lomwe: Mayi, kuno ku Chiradzulu mwaliza anthu akuluakulu.

Zina zimene sindikumvetsa:
- amayi akana kuti ndipite ndekha kumjigo
- andipatsa chiwindi cha nkhuku, chimene chimakhala cha alamu
- achemwali andinong'oneza kuti, "Iwe, ukanayamba wandiuza ine"

Ndiwauze chiyani? Bukulo lakhala m'sutikesi zaka zinayi, sanalifunsepo.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndamvetsa. Mayo ine!

Achemwali andifotokozera panjira ya kuchigayo. Akuluakulu aganiza motere:
- chibadwire sindilankhula
- mwadzidzidzi ndalankhula masiku anayi otsatizana
- nkhani yake ndi ya mtsikana wachete wofuna kupita ndi mlendo
- choncho ndikunena za ine mwini, mozungulira, monga achitira mwana woleredwa bwino

Akuti amayi akulira, komabe akunyadira kuti sindinawalase nayo nkhaniyo m'maso.

Ndipo nsatoyo aipeza kale! Bambo uja wogulitsa nsalu panjinga, wochokera ku Limbe. Wamtali, woonda, wa jekete la mawangamawanga limene savula ngakhale mu Okutobala. Munthu ameneyo ndinamuyankhapo kamodzi kokha chaka chatha, atandionetsa nsalu. Ndinati, "Ayi."

Achemwali: "Wa m'bukumo nayenso anayamba ndi ayi."

Titabwerera ndalimba mtima. Ndagwada pafupi ndi amayi, ndati ndi buku chabe.

Amayi: "Inde mwanangu, ndi buku. Nanga bukulo likuti akufuna kukutenga liti?"

Lero sitinawerenge. Atumiza uthenga kwa amalume, amene amaweta ng'ombe za boma ku Mikolongwe. Ndiwo nkhoswe ya tonse pano.

Mutu wachinayi waima pakati. Mtsikana ndamusiya atanyamula chikopa m'manja.

Loweruka, 9 Ogasiti

Lero linali tsiku la tsamba lomaliza.

Amalume afika m'mawa panjinga, atavala jekete la kutchalitchi. Mphasa pansi pa mpeyala. Iwo pampando, amayi onse mbali iyi, ine pakati. Buku aliika patsogolo pawo ngati mbuzi yogwidwa m'munda wa eni.

Amalume: "Mphwanga, ife sitiletsa. Ngati munthuyo ndi wolongosoka, abwere ndi nkhoswe yake timuonetse munda. Koma za kuseri kwa phiri, ayi."

Ndayang'ana pansi. Akuti kuyang'ana pansi ndi kuvomera. Ndayang'ana kumwamba. Akuti taonani, akumuganizira.

Ndiye ndalankhula. Chibadwire sindinalankhulepo motalika chonchi! Ndati palibe mwamuna aliyense. Ndati mayi wolemba mabukuwa amatenga anthu amene nthano zakale zinkawalanga, n'kuwapatsa wowakonda. Ndati munthu wachete akamawerenga amamva ngati wina wamuona. Ndati ndimangofuna kuti mumve tsamba lomaliza, basi. Pamenepo misozi yandipereka.

Amayi aakulu: "Mwaona? Munthu salirira pepala."

Chigamulo:
- buku lipite ndi amalume akalifufuze okha, poti ndi odziwa kuwerenga
- wansalu akadzafika, amayi aakulu akambirana naye
- kumjigo ndizipitabe ndi achemwali
- ayambe kundiyang'anira mnyamata wa konkuno, wa manja

Ndikumumvera chisoni wansaluyo. Adzabwera ndi njinga yake, osadziwa kuti ndi njoka.

Amalume alipinda bukulo pakati n'kuliika m'thumba. Alipinda! Ine zaka zinayi ndimalitsegula pang'onopang'ono ngati bala.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Kutchalitchi. Ulaliki sindinaumve. Amayi atatu a kumvano andimwetulira mwanjira ina. Wina wandigwira dzanja, akuti, "Usafulumire, mwana."

Amalume sanabwere, koma akazi awo abwera, poti timapemphera pamodzi. Potuluka andikokera kuseri kwa tchalitchi.

Akuti chifikireni dzulo, amalume akhala pakhonde ndi bukulo, chala pamzere, milomo ikuyenda. Akuti za wansalu mulibemo, apenya bwinobwino. Ndati ndiye akawauze amayi! Akuti adzawauza akamaliza, kufufuza sakuthamangira. Lero ati mutu ukuwapweteka, sangathe kubwera kumapemphero. Powasiya anali pamutu wachitatu, maso ali psuu. Akuti ndi utsi wa fodya. Amalume anasiya fodya ndili Sitandade 4.

Atumiza mafunso awiri, ndipo akuti ndisauze munthu:
- Kodi nsatoyo ifa?
- Kodi mayi ameneyu analembanso ena?

Loyambalo ndakana kuyankha. Awerenge okha, akafike patsamba lomaliza monga ndinafikira ine. Lachiwirilo ndikanakhala chete, monga ndimachitira masiku onse. Koma pakamwa panazolowera sabata ino. Ndati alipo ena awiri.

Ndafunsa kuti langalo abweza liti. Akazi awo aseka. Akuti wailesi imene amalume anabwereka kwa mnzawo chaka cha dzana akuimverabe.

Ndiye zinthu zili chonchi:
- mitu imene ndawerengera anthu: itatu ndi theka
- olira: amayi, pa chifukwa china
- chibwenzi: chimodzi, mwiniwake sakudziwa
- wokonda bukulo: mmodzi, wa ndevu, ali nalo ku Mikolongwe

Amalume akubwera Loweruka kudzatenga ena awiriwo. Akuti nawonso ndi ofunika kufufuzidwa.

Kaya. Ndawatulutsa kale m'sutikesi. Ndikuwakuta ndi katoni yolimba, kuti awa okha asawapinde.