Che Hamadi ndi Nambala Youmira

Pa Phalula panalibe wosawadziwa Che Hamadi, ogulitsa matimati aja amene ankaweruza manambala ngati anthu. Minibasi ikaima, anzawo akuthamangira makasitomala, iwo maso ali pa nambala ya galimoto.

"Iyi ndi yopatsa, anthu atatu agawana osatsala kanthu. Koma iyo, aaa, youmira! Siigawika, ngakhale mayi ake siingawabenthulire."

Yapamtima pawo inali 720,720. Ankati matimati ochuluka choncho, mubwere awiri, mubwere 16, aliyense atenga mulu wofanana. "Mukabwera 17 ndiye ndewu, atsala asanu."

Ine Blasius ndaphunzitsa masamu zaka 31, ndipo ndinene mosabisa, munthuyu ankandiwawa. Sukulu anaithawa ali Sitandade 3! Koma ana anga omwe, ndikawapatsa ntchito, ankakafunsa pa benchi ya matimati. Wina anachita kundiuza m'kalasi kuti, "Sala, Che Hamadi akuti mwalakwitsa." Ndinawerengeranso. Ndinalidi nditalakwitsa.

Ndinalumbira kuti ndidzawagwetsa, kamodzi kokha, anthu akuona. Ndinawatengera 10,001. Anayamba apatsa mayi wina basela, kenako n'kuti, "Anthu 73, aliyense 137. Mugula matimati, Aphunzitsi?" Msika wonse kuseka. Ndinagula kwa mnzawo.

Nditapuma ntchito ndinasankha 1,000,001. Ndinaigawa ndi nambala iliyonse mpaka 100, bolopeni ziwiri kutha, osagawika. Ndinathamanga nayo, koma pa benchi panalibe munthu. Ndinawapeza kwawo atagona pakhonde, ataonda zomvetsa chisoni, achibale atawazungulira. Munthu wanzeru akanasiya pepala la nambalayo m'thumba. Ine ndinalitulutsa.

"Yopatsa kapena youmira?"

Analiyang'ana nthawi yaitali. "Iyayi, Aphunzitsi, iyi yandikanika. Mwandigwetsa."

Abale inu, ndinalengeza mpaka ku Liwonde! Patangotha sabata Che Hamadi anatisiya.

Pa sadaka ya masiku 40, akazi awo, mayi Zulfa, anandiitanira pambali.

"Anandisiyira uthenga wanu. Akuti anthu 101, aliyense 9,901. Yankholi analiona musanakhale n'komwe pansi."

"Nanga bwanji sananene?"

"Akuti mwavutika zaka zambiri, mupumeko. Koma akuti musamwalire osadziwa."

Ndinachulukitsa pamchenga pomwepo ndi kamtengo. Ndendende. Ndinalekera pa 100, yankho lili khomo lotsatira.

Masiku ano minibasi zimaima pa Phalula n'kunyamuka popanda wozinena kuti iyi yopatsa, iyi youmira. Ana amabwera kwa ine tsopano, poti kulibenso kwina. Ndimawayankha bwinobwino, ndi pepala ndi bolopeni, koma mumtima nsanje ili pomwepo. Munthu uja anandiposa masamu, ndinapirira. Kundiposanso chifundo, ali pa mphasa yofera, ndiye ndakanika kumukhululukira.