Maluwa Ogona Masana

Lolemba
Amayi a Mvano akubwera kudzapemphera kwathu kuno ku Mbedza Loweruka masana. Ndikufuna adzapeze maluwa. Malo alipo: kamunda ka njerwa kamene bambo a Tadala anamanga m'mbali mwa khonde. N'kopapatiza, khasu silitembenuka. Dzuwa limafikapo m'mawa mokha, kenako pamabwera mthunzi wa mtengo wa mango wa aneba athu, a Saidi.
Zofunika: ofiira, achikasu, apinki. Zobiriwira zokhazokha ayi. Si dimba ili.

Lachiwiri
Ndakwera msewu wa kuphiri, kwa bambo wogulitsa mbande za maluwa pafupi ndi amayi a zipatso. Ndawafotokozera za mthunzi. Akundisonyeza ena a masamba otambalala, akuti ndiwo angachite bwino. Duwa ngakhale limodzi alibe! Ndakana. Ndaloza owala kwambiri. Andiyang'ana, kenako akuti nawonso amamera, mayi, tengani.
Potsika pa njinga yamoto machubu awiri a mbande aphulikira pamiyendo. Chitenje changa chatsopano.

Lachitatu
Ndadzala. M'mawa akongola moti ndangokhala pakhonde kuwayang'ana, mbale zosatsuka. Dzuwa litangodutsa denga, onse atseka. Ndimayesa afa. Ndathirira. Ndathiriranso. Alamu anga, amene amagwira ntchito ya nkhalango kuphiri, akuti mtunduwu umatero, umatsegula padzuwa pokha.
Mapemphero ndi a masana!

Lachinayi
Kwa a Saidi, kukapempha kuti adule nthambi imodzi yokha. Andilandira bwino, tiyi ndi mandasi. Akuti nthambi imeneyo ndiyo imabereka kwambiri, ndipo mango ake amagwera mbali yathu, sanamvepo tikudandaula. N'zoona. Ndamaliza tiyi wanga n'kutsanzika.
Kunyumba ndapeza nkhuku zikusamba m'dothi langa lofewa. Ndayamba kukalipira za aneba osakhoma makola. Nkhukuzo n'zathu.
Otsala: achikasu ochepa, wapinki mmodzi wothyoka khosi.

Lachisanu
Bambo a Tadala adzala anyezi m'mipata. Akuti malo asamangokhala.
Kumsika. Ndagula maluwa apulasitiki, ofiira psuu. Ndawazika pakati pa enieni aja, n'kuwaza fumbi pang'ono kuti asanyezimire. Munthu ataima pageti sangadziwe. Ndayesera kuchokera kumsewu, kuchokera pakhomo, ngakhale chokhala pansi.

Loweruka
Afika atavala zoyera. Nyimbo zayenda bwino, thobwa watha yense. Maluwa enieni aja ali m'tulo monga mwa masiku onse.
Potuluka, amayi apampando, a Nachisale, aima pakamunda. Akuti sanaonepo ofiira akuchita bwino chotere mumthunzi, athyoleko kanthambi akadzale kwawo. Ndisanatsegule pakamwa agwira kale. Kukoka kamodzi. Tsinde lonse latuluka, waya kunsi kwake.
A Nachisale atsala nalo m'manja.
Aliyang'ana, alipukuta ndi mpango, alizikanso pamalo pake n'kutsindira dothi ndi chala.
"Mtundu uwu suvuta madzi," atero.
Amayi ena akutsokomolera m'mipango mpaka kugeti.

Lamulungu
Kutchalitchi palibe wanena kanthu, koma ondipatsa moni achuluka lero, ena ochokera mabenchi akutali. Titaweruka a Nachisale andiitanira pambali. Akuti maluwa a patebulo la kutsogolo amafota ulaliki usanathe, ndiye ofiira anga aja ndiwatsuke bwino ndizibwera nawo.
Ndavomera. Ndikanati chiyani?
Ndawazula onse. Akuuma pathandala limodzi ndi mbale.