Kwa Bwana Amene Makina Awo Anandilemba Kuti Ndine Mwamuna

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa kampani ya Yankhani Msanga,

Pepani kuti munthu wolekeza Sitandade 7 ndikukulemberani. Kalatayi ndaikopera katatu kuti musapezemo cholakwa, poti inu zolakwa simuzidziwa.

Ndine woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu. Nditapita kukalembetsa ku chipatala cha kwathu kuno, ndinapeza makina anu, a galasi lakuda ndi zilembo zoyera. A Dyton, alembi athu, anali ndi anthu ambiri pamzere. Analemba dzina langa, kenako anadina batani lalikulu la pamakinawo kasanu. Ndinawerenga. Ndinachita manyazi kufunsa. Pambuyo pake anandifotokozera kuti batanilo ndi lodumphira mafunso, ndipo funso likadumphidwa, makinawo amaikapo yankho limene inu munasankhiratu muli mu ofesi. Ndiye ndati ndithokoze.

1. Zikomo pondipatsa tsiku lobadwa la 1 Januwale 1900. Tsopano ndine wamkulu kuposa agogo awo a amayi anga, koma pachitsime sanayambe kundipatsa ulemu wake.

2. Zikomo pondisamutsira ku mudzi woyamba pa mndandanda wanu. Sindinafikeko, koma ndamva kuti theka la dera lathu likukhala kumeneko.

3. Koposa zonse, zikomo pondilemba kuti ndine mwamuna. Mwina munaona kuti munthu akakhala chete ndiye kuti ndi bambo. Kwathu kuno okhala chete ndife. Amuna anga, a Chrispin, akungoti aone mmene zithere.

Lachiwiri lina ndinanyamula mphasa ndi ufa kupita ku chidikiro, chifukwa mvula ikagwa mtsinje wathu suwolokeka. Anamwino anayang'ana mimba yanga, anayang'ana galasi, n'kuyang'ananso mimba. Dzina langa likukana kulowa m'kaundula wa amayi, ndipo malo amapatsa okhawo ali m'kaundulamo. Kukonza akuti mpaka inu mutumize munthu. Papita masabata atatu munthuyo asanafike.

Ine za makina sindidziwa. Ndimangodziwa kuti ukafunsa mlendo ngati adya therere iye osayankha, sumuthirira. Umafunsanso. Kapena zimenezi samaphunzitsa ku sukulu zapamwamba.

Pempho langa ndi laling'ono, bwana. Makina anu aphunzire kufunsa kawiri, ndipo munthu wanuyo afike mtsinje usanadzaze. Zikavuta, musadzivutitse. Mungondilembera kumene amuna anzanu amachirira, ndikadikire kumeneko.

Ine wanu wogwada,
Janeti Mfundo (Bambo),
Ntcheu