Phunziro Langa Lalowa Mumphika

Lolemba

Ahedi andiitana m'mawa. Amayi a ku koleji akubwera Lachisanu kudzandiona ndikuphunzitsa Sitandade 7. Ulendo wathawu anandiuza kuti ndimaphunzitsa ndi pakamwa pokha ngati mlaliki wa pamsika. Ndikalepheranso ndibwereza chaka, apongozi n'kumati ananena kale kuti mkamwini weniweni ndi wolima fodya.

Mutu wake: ziwalo za m'kati mwa thupi, ndi mmene thupi limadzisamalira lokha kuti lisatenthe kapena kuzizira mopitirira. Nzeru yandipeza ndili m'bafa. Mbuzi! Zofunika:

mapapo, m'mero wake uli pomwepo
mtima
impso
pampu ya njinga

Ana aone ndi maso awo mapapo akufufuma. Amayi aja akagwira pakamwa, ndikulumbira.

Lachiwiri

Kuyeserera gawo la thukuta. Dzuwa likuswa mtengo, ine ndawathamangitsa kuzungulira bwalo la mpira kuti amve mtima ukugunda, aone thukuta likuziziritsa khungu. Zatheka bwino, mwinanso mopitirira. Theka la kalasi lathamanga mpaka kumjigo osabwerako. Ndawapeza ali pamzere kumbuyo kwa azimayi a zidebe. Chisomo, mtsikana wapakamwa wokhala kutsogolo uja, akuti, "Aphunzitsi, si mwanena nokha kuti thupi likataya madzi limaitanitsa ena?" Ndaima nawo pamzerepo. Ana amenewa adzandipha, koma ndimawakonda.

Lachitatu

Pakamsika kathu kuno kuseri kwa Nsaru, mbuzi imaphedwa Lachitatu lokha. Wopha mbuzi wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato nditamuuza kuti asadule m'mero. "Kodi achimwene, n'zasukuludi, kapena kuli asing'anga akudikira?" Ndalumbira, wandikulungira.

Kunyumba kulibe munthu, akazi anga, mayi a Tadala, ali kudimba. Ndathira mchere, ndavundikira mumphika, ndapita kwa a Gama kukabwereka pampu. A Gama ndi nkhani zawo za mpira zosatha.

Pobwera, njinga ya apongozi yatsamira mtengo wa mango. Achoka ku Kabudula osadziwitsa munthu. Fungo la anyezi ndi tomato landichingamira kumsewu.

Mayi a Tadala akundinong'oneza kukhitchini, nkhope yowala: "Munadziwa bwanji kuti ababa akubwera? Mwandichotsa manyazi, ndinali ndi bonongwe yekha."

Ndinene chiyani? Mlendo sumulanda mbale, nanji apongozi. Ndakhala pamphasa, ndasamba m'manja, ndadya phunziro langa. Apongozi atola mtima, autafuna pang'onopang'ono, kenako akuti, "Koma ndiye mwana wanga anakwatiwa ndi munthu." Chikwatire sanandiyamikirepo. Chondiwawa kwambiri n'chakuti mapapowo akoma.

Lachinayi

Wopha mbuzi akuti tionane Lachitatu linalo. Apongozi agonera, ndiye tambala wathu wafa, popeza mlendo wotere sadya masamba. Ndasangalala mumtima, nkhuku nayo ili ndi ziwalo. Ndaima pafupi ndi mpeni ngati galu.

Nthutumba: ya apongozi, mwambo.
Chiwindi: cha apongozi.
Matumbo: Tadala wakulunga kale kumiyendo, akuwotcha.
Mapapo: timagazi tomatirira kunthiti, tosati n'kuonetsa munthu.

Ndapulumutsa mtima wokha, waukulu ngati mtedza. Uli m'kabokosi ka machesi. Mapapo ndapanga a timajumbo tiwiri tomangirira kupayipi. Mayi a Tadala akundifunsa ngati ndikupeza bwino.

Lachisanu

Amayi a ku koleji afika pakabaza, akhala kumbuyo kwa kalasi. Ndatsegula kabokosi, nyerere zandifikira kale. Akutsogolo akuona nyerere, akumbuyo akuona chala changa.

Ndapopa timajumbo. Kamodzi kafufuma, kena kakana. Ndawonjezera mphamvu, kaphulika. Chisomo wakweza dzanja: "Aphunzitsi, wodwalayo watisiya." Kalasi yonse yafa ndi phwete, amayi ajanso abisa nkhope m'manja. Malaya anga anyowa mpaka kumsana, ana akulozerana m'khwapa mwanga, ati thupi la aphunzitsi likudziziziritsa.

Potuluka amayi aja akuti, "Za thukuta ana azimva. Zinazo ndibweranso Lachisanu likubwerali, ndipo umenewo ndi ulendo womaliza." Ndachita mantha enieni, ndalama zogulira ziwalo zina Lachitatu ndilibe.

Loweruka

Apongozi ananyamuka dzulo. Ndawafotokozera zonse mayi a Tadala. Aseka mpaka kukhala pansi. Ndawapempha kuti asawauze ababa, munthu wamkulu angachite manyazi. Avomera ndi mutu. Masana ndawaona kuseri kwa khola, foni ili pakhutu.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi tapeza apongozi pakhonde, jekete lili fumbi lokhalokha. Kumtengo wa mango kwamangidwa mbuzi. Ndi tonde wawo uja amamusungira feteleza wa chaka chino. Amupalasira panjinga kuchokera ku Kabudula, dzuwa lonseli.

Sakundiyang'ana kumaso. Akuti, "Ana a eni asaluze sukulu chifukwa cha mimba yanga. Iphedwe Lachisanu m'mawa. Ndidzasenda ndekha, m'merowo sindidula."

Ndanjuta, ndawomba m'manja, misozi ili pafupi.

Akhala nafe sabata yonse. Akuti adzabwera kukalasi kudzaona mapapo akufufuma, ndiwasungire mpando pafupi ndi amayi a ku kolejiwo. Ana akatha kuona, mtima ndi chiwindi zibwerere kunyumba, ndipo asazigwiregwire.

Ndavomera zonse. Ondiyesa tsopano ndi awiri, ndipo amene ndikuwaopa kwambiri si a ku koleji.