Nyali Adzayatsa ndi Alendo

Lolemba

"Kuyambira sabata ino, mwana aliyense wa pa sikola pano aiona nyanja ya mchere ndi maso ake." Atero a Diretori, akulu a sikola, pa mzere m'mawa uno. Ana awomba m'manja. Mawuwo ndawalemba m'buku la sikola monga andiuzira.

Nyanjayo ili mu sekretariya, ofesi yanga ya ulembi, pafupi ndi meza yanga yolemberapo. Yabwera dzulo pa galimoto ya bungwe lina lothandiza. Ndi bokosi lagalasi, lotalika ngati mkono. M'kati muli:

miyala ya m'nyanja,
tinsomba titatu,
ndi anemona.

Anemona ndi chinthu chobiriwira, chotambalala ngati mbale, chaubweya, kamwa lili pakatikati. Chikuoneka ngati duwa koma akuti ndi nyama. Bambo amene wachiika watisiyira pepala la malamulo. Loyamba: nyali ya pamwamba pa galasi iziyaka tsiku lonse, poti chinthuchi chimadalira kuwala ngati chimanga.

A Diretori awerenga, agwedeza mutu, andisayinitsa kuti woyang'anira ndine. Kontratu yanga ikutha chaka chino. Tonse awiri tikudziwa, palibe watchula.

Kenako azimitsa nyali. Akuti adzayatsa ndi akuluakulu a bungwe Lachinayi, podula fita, kansalu ka mwambo wotsegulira. "Chinthu sichiyamba ntchito chisanatsegulidwe." Zoona, mjigo wathu unadikira wokulungidwa m'masaka, ife tikumwa madzi a kudambo. Koma mjigo supuma.

Galasi aliphimba ndi kapulana, nsalu yovala ya akazi awo. Ana asalowe mpaka fita idulidwe.

Lachiwiri

Kutentha! Malata akuchita kulira.

Ndasuzumira pansi pa kapulana. Anemona palibe pomwe tinaisiya. Imayenda! Yakwawa mpaka pakona pomwe nsalu yang'ambika, pomwe pakulowa kakuwala ka pawindo. Pepala likuti ikamayenda ndiye kuti yasauka.

Ndaonetsa a Diretori. "Choyenda ndi chamoyo, mukudandaula chiyani?"

Ndapempha ola limodzi lokha la nyali. "Inu, alendo akadzafunsa kuti anayatsa ndani, ndidzati chiyani?" Funsolo ndi lopanda nzeru, koma pa sikola pano ndi lomwe limachotsetsa anthu ntchito.

Zakonzeka kale: fita, mbuzi, nyimbo ziwiri, ndi ndakatulo ya kalasi yachisanu yotamanda kukongola kwa nyanja. Ana akuiloweza kuseri kwa khoma lomwe nyanjayo ili.

Lachitatu

A Diretori apita ku Mualadzi pa mota, njinga yamoto ija, kukabwereka mipando. Mpata!

Ndayatsa. Kuwala kwa buluu. Anemona yatambasuka pang'onopang'ono ngati munthu wotsitsimuka, ubweya wonse ukugwedera. Ndavomera, ndi yokongola. Ndaiwala ndi ntchito yomwe.

Ndaiwalanso kuti kapulana siibisa kuwala. A Zuze, gwarda wolondera sikola, aona pawindo, aimbira a Diretori telefoni. Iwo anakulira ku kampu ku Malawi nthawi ya nkhondo, mwambo amaudziwa. "Achimwene, ife kumeneko ngakhale chimbudzi tinkadikira abwana adule kansalu. Tinkapirira."

A Diretori abwera opanda mipando. Azula chingwe cha nyali, achipinda, achiika m'thumba la jekete. "Ndimakukhulupirirani, koma chingwe ndisunga ndine."

Tinsomba tatsala tiwiri. Kachitatu ndakapeza mchira wokha uli kunja kwa kamwa la anemona. Ndati ndikalanditse. Chimamata, chimaluma! Zala zitatu zatupa, cholembera ndikugwira ngati khasu.

Lachinayi

Tsiku lalikulu. Ana pamzere kuyambira m'mawa, kuimba padzuwa. Awiri akomoka. Masana telefoni: alendo achedwa ndi mwambo wina, abwera Loweruka.

Mbuzi yapulumuka. Ndi yokhayo yomwe yapindula sabata ino.

Anemona yasuluka. Kubiriwira konse kwatha, yangoti mbuu. A Diretori akondwa: "Yayera! Idzatuluka bwino pa chithunzi." Ndawawerengera pepala mokweza, pomwe pakuti kuyera ndi njira ya ku imfa. Amvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu.

"Pepalalo analembera ku gombe. Kuno ndi ku Chifunde."

Chingwe chikuoneka, chatuluka pang'ono m'thumba. Ndachiyang'ana nthawi yaitali. Ndili ndi ana anayi.

Lachisanu

Zomwe ndayesa:

tochi ya telefoni (yatha moto msanga),
kalilole wa pa njinga, kubweza dzuwa la pawindo (a Zuze akhosomola pakhomo),
kukulitsa chibowo cha kapulana ndi chala (ya akazi a Diretori, ndasiya),
pemphero.

Kamwa la anemona lili yasa, zam'kati zikutuluka. Yasiya kugwira mwala. Mai Rosa ophika amva kuti mlendo wa m'galasi wadwala, abwera ndi matemba awiri. "Wodwala sadikira kuti apemphe." Aponyamo. Sindinawaletse. Ndi munthu yekhayo pano amene wachitira chinthuchi zabwino. Sichinadye.

Ndalembera a Diretori kalata yoti ndachenjeza. Awerenga, adinda karimbo, andibwezera kuti ndiisunge, poti wosunga makalata ndine. Ili mu kabati yanga. Umboni wanga ndikuusunga ndekha, podziteteza kwa ine mwini.

Kafungo kayamba.

Loweruka

Fungo ndakumana nalo pa bwalo la mpira.

Madzi ngati otsukira mpunga. Tinsomba tiwiri tagadama. Anemona yasungunuka, yasanduka phala lotuwa pansi. Ndati tiuze alendo zoona. A Diretori: "Programa ndi programa." Atsitsanso kapulana.

Alendo afika, atatu, magalimoto awiri. Nyimbo. Ndakatulo. Mawu a Diretori, aatali. Ana auzidwa kuti aime patali chifukwa cha "mpweya".

Fita yadulidwa pakhomo. Mlendo wamkulu walowa mpango uli pamphuno. Chingwe chatuluka m'thumba, alumikiza, avundukula kapulana, mlendo wamkulu wadina batani. Nyali yayaka! Kunja kuwomba m'manja, nthungululu, ng'oma. M'kati zii. Tonse tikuyang'ana phala, likuoneka bwino lomwe ndi kuwalako.

"Woyang'anira ndani?"

A Diretori sanaloze ndi chala, ndi munthu wamwambo. Aloza ndi dzanja lonse. Mlendo wafunsa dzina langa, walilemba mosamala, wafunsanso kalembedwe kake.

Mbuzi yadyedwa. Mnofu sunandifike.

Lamulungu

Misa. A Diretori awerenga kalata ya Paulo woyera, mawu omveka bwino.

Titatuluka ndakumba dzenje kuseri kwa zimbudzi. Ndowa zisanu ndi imodzi. Nyanja yonse yalowa, nthaka yamwa osatsala dontho. Mai Rosa aima pambali, achita chizindikiro cha mtanda. A Zuze akuti miyala isatayidwe, atsekere zitseko.

Za kontratu a Diretori akuti "tidzakambirana". Mawu amenewa ndawalembapo m'makalata a anthu ena. Ndikudziwa komwe amathera.

Galasi ndatsuka, muzisungidwa choko. Nyali alamula kuti iziyaka tsiku lonse, poti tsopano inatsegulidwa. Ikuyaka.

Zala zikadali zotupa. Mawa sikola.

Ana amene aiona nyanja: palibe.