Chitseko cha Galimoto ya Mkamwini

Lolemba

Tsoka silinunkha, anthuni! Galimoto ili pansi pa mtengo wa mango pano pakhomo, yoyela mbee. Mwini wake ndi mkamwini wanga Phiri, wogwila nchito ku boma ku Lundazi. Iye ndi mwana wanga Tiwonge akwela basi ya ku Lusaka, abwela Lamulungu. Ponyamuka andisiyila mawu okoma: ati pano pakaoneka posungika, nyumba yawo amanga pamalo panga pompano, osati ku Chipata. Ndiye kuti adzukulu pafupi, ine wa nkhani zambili ndapeza makutu atsopano.

Masana ng'ombe yanga Sajeni ikukoka ngolo ya chimanga. Yadziona pachitseko cha galimoto, yayesa ng'ombe ina ikuidelela. Nyanga kwee! Mzele kuyambila pa chogwilila mpaka kufupi ndi tayala. Wopyapyala ngati ulusi, koma ine ndikuuona ngati mseu wa ku Chama.

Mkazi wanga NyaMtonga ati, "Usiyeni, mudzanene zoona." Zoona kwa mkamwini? Munthu amene sitiyang'anana m'maso? Ndikonza ndekha.

Lachiwili

Mphika ukada timaukwecha. Chitsulo ndi chitsulo basi. Zida zanga:

mchenga wa kumtsinje
phulusa
chitsononkho
madzi m'beseni

Ndikukwecha, ndikuimba. Mzele ukuzilala, mtima ukutsika. Madzi auma. Mayo ine! Mzele uli pomwepo, koma kuwala konse kozungulila kwapita. Chigamba chotuwa, kukula kwake ngati lichelo. Dzulo munthu amayenela kuwelama kuti aone, lelo akuona ali pa mjigo.

Sajeni akubzikula, alibe nazo kanthu.

Lachitatu

Njinga, ulendo wa ku boma. Dzuwa, fumbi, mawondo kulila. M'sitolo ya zitsulo ndafunsa penti wa galimoto, wogulitsa ati, "Madala, nambala ya kala yake ni bwanji?" Nambala? Penti nayenso ali ndi nambala ngati mkaidi? Ndati yoyela. Ati zoyela zilipo zambili. Ndamuuza kuti ndakalamba ndikuona ufa, thonje, akakowa ndi mano a anthu, kuyela n'kumodzi. Ndayamba kumufotokozela za chaka chimene thonje linatibeleka ku Chikomeni, sanadikile ndifike pakati, wangondipatsa chitini ndi bulashi kuti ndichoke.

Pachitini ajambulapo nyumba. Ndaona ndili kale panjila.

Lachinayi

Ndapaka. Penti akutsika misozi, ndikuipukuta ndi chala, chala chikusiya njila zake.

Wogulitsa uja sananame. Kuyela kulipo kwamitundu. Chigamba changa chayela mopyoza m'maso, galimoto yonse tsopano ikuoneka ngati mkaka wogona. NyaMtonga wadutsa ndi nkhuni, waima, ati, "Awiske Tiwonge, mwaimanga bandeji?"

Mthunzi wa mango wasuntha, dzuwa likuphika penti, ndiye nzelu yabwela: fodya timaumitsa pamthunzi, m'chigafa, kuti asapse. Taikankha galimoto ine ndi mnansi wanga Zgambo, yalowa bwinobwino. Madzulo kamvuluvulu wa Ogasiti, uja wosapempha njila, walowa mbali iyi watulukila uko. Zinyenyeswa zonse za fodya wa chaka chino, za m'denga ndi zapansi, zauluka.

Sindipitako kukaona. Mtima ukudziwa kale.

Lachisanu

Chitseko chamela ndevu. Fodya, udzu, nthenga za nkhuku, ngakhale chiwala chimodzi chamatilila, chikundiyang'ana. Galimoto ikununkha ngati thumba la nkhalamba.

Akulu amati safunsa anadya phula. Ndafunsa Zgambo, poti kale anapentapo ngolo yake. Ati, "Apa n'pochepa, mdala mnzanga. Petulo na chipande cha galasi, tipale." Tikupala. Fodya akuchoka. Penti wanga akuchoka. Penti wa mwini wake nayenso akutsatila mnzake! Chitsulo chili pamtetete, chotuwa ngati mbale ya m'ndende. Zgambo wakumbukila mwadzidzidzi kuti mbuzi zake sizinamwe madzi.

Wosafunsa anadya phula. Nanga ine wofunsa ndadya chiyani?

Loweluka

Kwatsala lelo lokha. Chigamba chimaoneka chifukwa chili chokha, ndiye ndapaka chitseko chonse. Chitseko chasiyana ndi chinzake chakumbuyo, ndapaka chinzakecho. Mbali iyi yasiyana ndi inayo. Apa mkono wakana, msana wakana, bulashi yathothoka ubweya n'kuusiya m'penti momwemo.

Zimene ndili nazo tsopano:

galimoto ya nkhope ziwili
chogwilila chomatika, chitseko sichitseguka
malaya a kuchalichi oyela mbali imodzi
nkhuku ya mchila woyela

Azimayi ochokela ku kwaya aima pamseu. Wina ati, "Monile adada, kasi ambulansi yafika kwithu?" Aseka mpaka kugwilana mapewa. Ine amene ndimaseketsa anthu pamalilo pomwe, lelo nthano ndine.

Lamulungu

Afika. Tiwonge wangoti "Adada!" n'kugwila pakamwa, walowa m'nyumba kwa amake.

Phiri wagwada patali monga mwa mwambo, kuomba m'manja, kufunsa za moyo, za chimanga, za mawondo anga. Kenako wanyamuka, wazungulila galimoto pang'onopang'ono. Wakoka chogwilila. Wayang'ana dzanja lake. Ndikupemphela kuti akalipe, atukwane, tithane ngati amuna. Koma mkamwini sakalipila mpongozi. Wagwadanso, maso pansi, wathokoza, ati, "Yewo chomene, adada. Mwagwila nchito." Mawu amenewo akundiwawa kuposa mbama.

Walowela khomo la mbali inayo n'kukwawila pa chiwongolelo. Anyamuka, kwatsala fumbi lokha.

Nkhani yandipeza kudzela kwa NyaMtonga, monga zimayendela nkhani za apongozi: mkamwini ati ku Chipata madzi ali pafupi, sukulu ilinso pafupi. Za penti sanatchule. Basi, adzukulu ndizikawaona pa Khisimasi, nkhani zanga azimva Sajeni.

M'chitini mwatsala penti pang'ono. Ndati kutaya n'kuchimwa, mwina ndikongoletse njinga ya NyaMtonga. Waikokela kuchipinda, wakhoma chitseko, kiyi wamanga pamfundo ya chitenje.